Mmene mungakonzere ulendo wa masiku atatu wokaona nyama ku Liwonde

Tchuthi chikangoyandikira, funso limakhala lomwelomwelo: "Tili ndi Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu basi. Tikufuna tikaone njovu ndi mikango. Tiyambire pati, nanga zitidyera zingati?" Yankho lake silikwana mu uthenga umodzi wa pa WhatsApp, ndiye nali lonse pamalo amodzi. Chitsanzo chathu ndi paki ya Liwonde, chifukwa ndi yomwe munthu wa ku Blantyre, Zomba, Mangochi ngakhale Lilongwe angafikeko tsiku lomwelo n'kuona nyama dzuwa lisanalowe, komanso ili ndi njira zonse zitatu zoonera nyama pamodzi: galimoto, boti ndi kuyenda pansi. Zambiri mwa izi zigwiranso ntchito ku Majete kapena ku South Luangwa ya ku Zambia.

Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo mbali yake yaikulu ili kuvuma kwa mtsinje wa Shire, kuchokera kufupi ndi tauni ya Liwonde mpaka ku nyanja ya Malombe. Kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire. Amene anapitako kale kwambiri n'kubwerako ataona mvuu ndi nswala zokha adziwe kuti zinthu zinasintha.

1. Werengani m'mawa ndi madzulo, osati masiku

Apa ndi pomwe maulendo ambiri amaonongekera asanayambe n'komwe. Nyama zimayenda, kudya ndi kusaka kukamacha ndi kukamada. Kuyambira cha m'ma 10 koloko mpaka 3 koloko masana zambiri zimakhala zitabisala pamthunzi, ndipo mkango umagona m'tchire losaoneka ngakhale muli pamtunda wa mamita 20. Choncho tsiku limodzi lili ndi mipata iwiri yokha yoonera nyama: wa m'mawa, kuyambira 5:30 kapena 6 koloko mpaka cha m'ma 9 kapena 10, ndi wa madzulo, kuyambira 3:30 kapena 4 koloko mpaka mdima.

Mukagona usiku umodzi muli ndi mipata iwiri. Mukagona masiku awiri muli ndi mipata inayi: madzulo a tsiku lofika, m'mawa ndi madzulo a tsiku lachiwiri, ndi m'mawa wa tsiku lobwerera. Koma inayiyo imakwana pokhapokha mutafika pamalo ogona 2 koloko masana isanakwane. Wofika 5 koloko walipira masiku awiri koma wataya gawo limodzi mwa magawo anayi a ulendo wake. Woipitsitsa ndi ulendo wa tsiku limodzi wonyamuka ku Blantyre 8 koloko m'mawa: mufika pageti dzuwa litakwera, muzungulira m'kutentha, mubwerera nyama zikuyamba kumene kudzuka, kenako muzikauza anthu kuti ku Liwonde kulibe nyama. Ngati ndalama ikungokwana tsiku limodzi, gonani m'tauni ya Liwonde usiku wa dzulo lake kuti geti likamatsegulidwa mukhale muli pomwepo.

2. Sankhani mwezi mogwirizana ndi chomwe mukufuna kuona

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumazizira, misewu imakhala youma, ndipo ndi nthawi yabwino kwa ana ndi achikulire. Mu Meyi ndi Juni udzu umakhala udakali wautali, choncho nyama zing'onozing'ono zimabisika.

Seputembala, Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala ndi pachimake. Madambo ndi zithaphwi za m'tchire zimauma, mitengo ya tsanya imayoyola masamba, ndipo njovu, njati ndi mphalapala zimakakamizika kutsikira ku Shire. Mumaona zambiri, koma kutentha kwake kumapitirira madigiri 35, ndipo m'chigwamo mphepo imasowa. Amene ali ndi mwana wakhanda kapena wodwala mtima asankhe Julayi kapena Ogasiti.

Dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, paki imabiriwira, nswala zimakhala ndi ana, mbalame zochokera kutali zimafika, ndipo malo ambiri ogona amatsitsa mitengo. Vuto ndi dothi. Lambiri ndi lamakande, lomwe likanyowa limaterera ngati sopo n'kumata matayala, moti misewu ina imatsekedwa. Nyengo imeneyi ulendo wanu utsamire pa boti, ndipo musanalipire funsani kuti ndi misewu iti yomwe ili yotsegula sabata imeneyo.

3. Sankhani mbali yogona, chifukwa ndi yomwe ikuuzeni msewu wolowera

Liwonde ili ndi zolowera ziwiri zomwe alendo ambiri amagwiritsa ntchito, ndipo kuzisokoneza kumadya maola.

Chakumwera kuli geti lalikulu, makilomita ochepa kuchokera m'tauni, kufupi ndi phiri la Chinguni. Kumeneku ndi komwe kuli malo ogona otsika mtengo, ena kunja kwa geti, ena m'malire mwenimweni, kuphatikizapo oti mukhoza kukhoma tenti yanu. Kulinso Chimwala, msasa wa African Parks womwe mumadziphikira nokha.

Chapakati, m'mphepete mwa Shire, kuli malo ogona monga Mvuu ndi Kuthengo. Njira yodziwika yopitira ku Mvuu ndi kudutsa Liwonde pa msewu wa M3 ngati mukupita ku Mangochi, kukhota pa Ulongwe, kutsata msewu wafumbi mpaka kumtsinje, kusiya galimoto tsidya lino n'kuwoloka pa boti. Botilo limabwera chifukwa mwawauziratu nthawi yofika.

Kusiyana kwake n'kotani? Wogona m'kati amadzukira pakati pa nyama, ndipo galimoto ikangonyamuka kuona kwayamba. Wogona kunja amayamba wadikira geti, kulembetsa, kulipira, kenako kuyenda kukafika komwe kuli nyama, ndipo madzulo amayenera kutuluka nthawi yotsekera isanakwane. Amapulumutsa ndalama zambiri, koma amataya mphindi zabwino kwambiri za tsiku. Ngati thumba likulola usiku umodzi wokha wa m'kati, ukhale wachiwiri: Lachisanu gonani kotchipa, Loweruka loŵani m'kati.

4. Mvetsani mawu omwe adzakulemberani

Eni malo ogona amalemba mitengo yawo m'Chingerezi cha ntchito yawo, ndipo kusamva mawu awiri okha kungakuonjezereni bilu.

Game drive ndi ulendo woona nyama pa galimoto yotsegula m'mbali, yokhala ndi mipando yokwera ngati masitepe, woyendetsa ali gaidi. Night drive ndi womwewo koma wopitirira mdima utagwa, wina akuunikira ndi tochi yamphamvu. Pamenepo ndi pomwe mumaona afisi, nungu, changa ndi akadzidzi. Sundowner ndi kuima pamalo otetezeka dzuwa likamalowa n'kumwa chakumwa. Boat safari ndi kuona nyama muli pa boti, kawirikawiri kwa maola awiri. Walking safari ndi kuyenda pansi.

Gaidi ndi wolembedwa ntchito ndi malo ogona, wophunzira za nyama, mbalame ndi mitengo. Sikauti kapena renja, omwe kumudzi amangoti agemu, ndi msilikali wa paki wonyamula mfuti, ndipo poyenda pansi amayenera kukhalapo.

Bed and breakfast ndi pogona ndi kadzutsa basi. Full board ndi pogona ndi chakudya katatu, popanda maulendo oona nyama. All inclusive nthawi zambiri ndi pogona, chakudya ndi maulendo awiri patsiku, koma mawu amenewa aliyense amawatanthauzira mwake. Self-catering ndi kubwera ndi ufa, ndiwo ndi zonse zanu. Per person sharing ndi mtengo wa munthu mmodzi pamene awiri agona chipinda chimodzi, ndiye kuti awiri mulipira kawiri, ndipo wogona yekha amamuonjezera ina. Park fee ndi ndalama yolowera m'paki, yomwe imapita ku paki osati kwa eni malo ogona.

5. Pezani mtengo wonse ndi ndondomeko yonse polemba, musanatumize ndalama

Ili ndi gawo lomwe malangizo ambiri amalidumpha ndi mawu akuti "bukitsani msanga." Kubukitsa sikuvuta. Chovuta ndi kudziwa chomwe mwagula. Ulendo wa ku paki uli ndi zolipira zosachepera zisanu ndi chimodzi zomwe zimachokera m'matumba osiyana: pogona, chakudya, ulendo uliwonse woona nyama, ndalama yolowera ya munthu aliyense, ndalama ya galimoto yanu ngati ilowa m'paki, ndi zakumwa. Mtengo womwe mwauona pa Facebook kawirikawiri umakhala wa chimodzi kapena ziwiri mwa izi.

Lemberani malo awiri kapena atatu uthenga wofanana, kuti muthe kuyerekeza. Muuthengamo nenani masiku enieni, chiwerengero cha akulu, zaka za mwana aliyense, komanso ngati ndinu nzika za Malawi, alendo okhala m'dziko muno ndi chilolezo, kapena ochokera kunja. Mitengo ya paki imagawidwa m'magulu amenewa, ndipo ya nzika ndi yotsika kwambiri. Malo ambiri ogona alinso ndi mtengo wa anthu a m'dziko muno womwe sauika poyera, umatuluka mukaufunsa. Abale obwera kuchokera ku Johannesburg kapena ku London ndi pasipoti ya dziko lina afunsiretu kuti awerengedwa gulu liti, chifukwa pageti amayang'ana chiphaso, osati chilankhulo.

Kenako funsani mafunso awa, lililonse palokha, ndipo musavomere yankho lakuti "zonse zili momwemo."

Kodi mumtengowu muli maulendo angati oona nyama, ndipo ndi ati? Awatchule: boti Lachisanu madzulo, galimoto Loweruka m'mawa, motero.

Kodi ndalama yolowera m'paki ili momwemo? Ngati mulibe, tilipira kwa ndani, pageti kapena kwa inu? Imawerengedwa pa tsiku la pakalendala kapena pa maola 24? Funso limeneli ndi lofunika chifukwa wofika Lachisanu n'kuchoka Lamulungu akhoza kuwerengeredwa masiku awiri kapena atatu, ndipo pa banja la anthu asanu kusiyanako n'kooneka. Wogona kunja kwa paki afunsenso ngati akatuluka masana n'kulowanso madzulo alipira kawiri, komanso ngati ulendo wa pa boti umafuna ndalama yolowera.

Kodi galimoto imanyamuka ndi anthu ochepa bwanji? Malo ena sanyamuka ndi munthu mmodzi kapena awiri pokhapokha mutalipira mipando yotsala. Nanga imanyamula ochuluka bwanji? Galimoto ya mizere itatu ikakhala ndi anthu atatu pamzere uliwonse, wapakati amaona mitu ya anzake. Asanu ndi mmodzi ndi chiwerengero chabwino. Ngati muli gulu la anthu otere, funsani mtengo wotenga galimoto yonse, chifukwa ukagawidwa sutalikira ndi wa mipando, ndipo mumaima pomwe mukufuna kwa nthawi yomwe mukufuna.

Kodi ana amaloledwa kuyambira zaka zingati? Pa galimoto ndi pa boti malamulo amasiyana malo ndi malo. Poyenda pansi ambiri salola mwana wosakwana zaka 12, ena amakweza kuposa pamenepo. Ngati ana sakaloledwa, ndani akatsale nawo?

Kodi ulendo wa madzulo umapitirira mpaka usiku, kapena umatha geti likamatsekedwa? Kwa amene akufuna kuona nyama zosaka, yankho la funsoli likhoza kusankha malo ogona.

Kodi gaidi amalankhula Chichewa kapena Chiyao? Ambiri ndi ochokera m'midzi yozungulira pakiyo, koma anazolowera kufotokoza m'Chingerezi. Mukatenga agogo kapena ana, pemphani pobukitsa, makamaka ngati mukakwere limodzi ndi alendo ena.

Kodi dipoziti ndi zingati, ndipo tikalephera kubwera imabwezedwa mpaka liti? Mvula ikaletsa galimoto, mumatisinthira ku boti kapena mumabweza ndalama? Mtengo uli m'madola kapena m'makwacha, ndipo ngati uli m'madola, mugwiritsa ntchito mtengo wosinthira wa tsiku liti? Msonkho uli momwemo?

Mayankho akabwera, lembani papepala mizere isanu ndi umodzi ija pa malo aliwonse, muonkhetse. Si zachilendo kupeza kuti malo ooneka otchipa, mukaonjezera maulendo anayi ndi chakudya, ayandikira mtengo wa omwe munawaopa.

Tsopano gawani mipata yanu inayi. Kagawidwe komwe kamagwira bwino ku Liwonde ndi aka. Madzulo a tsiku lofika kwerani boti: mwatopa ndi msewu, boti siligwedeza, ndipo mvuu, ng'ona, nkhwazi ndi njovu zobwera kudzamwa madzi n'zosavuta kuziona, choncho ana amagona ataona kanthu. M'mawa wa tsiku lachiwiri kwerani galimoto, pamene mapazi a usiku adakali ooneka pafumbi. Madzulo ake kweraninso galimoto, ipitirire mpaka mdima ngati n'kotheka. M'mawa womaliza musaudzaziretu. Uzani eni malo kuti mudzasankha Loweruka usiku: ngati mwakhutira, yendani pansi, ngati pali nyama yomwe yakuzembani, bwererani pa galimoto. Onetsetsani kuti avomera zimenezi polemba, chifukwa kuyenda pansi kumafuna sikauti, ndipo iye amafunika kumudziwitsiratu.

Potumiza dipoziti pa Airtel Money, Mpamba kapena kubanki, imbani kaye nambala yomwe ili pa webusaiti yeniyeni ya malowo, mutsimikize dzina lomwe lituluke. Masamba abodza otengera zithunzi za malo enieni alipo. Pemphani risiti yokhala ndi masiku anu ndi zonse mwagwirizana, ndipo muisunge mufoni mosadalira netiweki.

6. Konzani msewu mobwerera m'mbuyo kuchokera pa 2 koloko

Kuchokera ku Blantyre kudzera ku Zomba pa M3 ndi makilomita pafupifupi 120, maola awiri kapena kupitirira pang'ono. Kuchokera ku Lilongwe kudzera ku Dedza, Ntcheu ndi Balaka werengerani maola anayi. Olowera ku Ulongwe aonjezere ola lina la msewu wafumbi, kulembetsa ndi kuwoloka. Ndiye wa ku Lilongwe anyamuke 8 koloko isanakwane, ndipo zogula agule dzulo lake.

Thirani mafuta okwanira kupita ndi kubwerera, chifukwa m'paki mulibe pothirira. Tapani ndalama m'tauni, makina a khadi kutchire amadalira netiweki yomwe imabwera n'kupita. Nthawi yachilimwe galimoto wamba imafika pageti lakumwera, koma m'kati mumafunika yokwera pansi pake. Opanda galimoto akwere minibasi mpaka Liwonde, ndipo apanganiretu ndi eni malo kuti adzawatenge. Musamalize ulendowu wapansi kapena pa kabaza dzuwa litapendeka.

Dziwani kuti kuno mdima umagwa msanga: mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 5:20, mu Okutobala 6 koloko isanakwane.

7. Nyamulani zochepa, koma zoyenera

Chiphaso cha unzika kapena pasipoti cha munthu aliyense wamkulu. Zovala za mtundu wa khaki, zobiriwira modera kapena zofiirira. Pewani zakuda ndi zabuluu wakuda, chifukwa zimakopa kashembe, ntchentche yoluma ngakhale pamwamba pa malaya yomwe imapezeka m'madera ena a m'tchire la tsanya. Zoyera mbee zimaonekera patali, ndipo poyenda pansi gaidi akhoza kukubwezani kuti mukasinthe. Mu Juni ndi Julayi tengani juzi yeniyeni ndi chipewa chofunda, mphepo ya m'mawa pa galimoto yotsegula imalowa m'mafupa. Nsapato zotseka, chisoti cha dzuwa, tochi, mankhwala odzola othamangitsa udzudzu, ndi chitenje chotchingira fumbi kapena dzuwa pa boti. Madzi akumwa malita atatu pa munthu patsiku, mu Okutobala oposa pamenepo.

Chida chomwe chimasintha ulendo kuposa kamera ndi mabainokyula, magalasi oonera patali. Olembedwa nambala ya 8x42 ndi okwanira. Bwerekani ngati mulibe, ndipo pakhale amodzi pa anthu awiri alionse. Foni imajambula bwino njovu yapafupi, koma mkango wa pamtunda wa mamita 100 umatuluka ngati kadontho. Droni isiyeni kunyumba, siloledwa popanda chilolezo.

M'chigwa cha Shire muli malungo chaka chonse. Gonani m'neti, valani zazitali madzulo. Obwera kuchokera kunja, makamaka ana obadwira kumeneko ndi akulu omwe akhalako zaka zambiri, aonane ndi dokotala za mankhwala oteteza asananyamuke, chifukwa thupi limataya kuzolowera kwake. Mayi woyembekezera afunsenso kuchipatala, poganizira malungo ndi kugwedeza kwa galimoto.

8. Lankhulani ndi gaidi injini isanalire

Mphindi zisanu zimenezi ndi zaulere, koma ambiri amangokwera n'kukhala chete. Muuzeni ngati ndi ulendo wanu woyamba, chomwe mukuchifunitsitsa, ngati mumakonda mbalame, ngati pali woopa kapena wodwala msana. Wa msana akhale kutsogolo, mzere wakumbuyo ndi wokwera ndipo umaona patali koma umadumpha kwambiri.

Mufunseni zomwe zaoneka masiku awiri apitawa, kuti chiyembekezo chanu chikhale pamalo pake. Njovu, mvuu, ng'ona, nswala, nakodzwe, njiri, mbawala, ngoma ndi anyani n'zovuta kuziphonya. Njovu zinachuluka mpaka zina kusamutsidwa: mu 2016 ndi 2017 zina zinapita ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zokwana 263 zinapita ku Kasungu. Njati ndi mphalapala zimafuna kuzifunafuna. Akakwiyo, omwe ambiri amawadziwa kuti cheetah, anabwezeretsedwa mu 2017, mikango mu 2018, mimbulu, agalu am'tchire aja, mu 2021, ndipo izi mukhoza kuziona kapena ayi. Chipembere chakuda chilimo, 17 zinabwera kuchokera ku South Africa mu 2019, koma ndi nyama ya m'ziyangoyango yomwe imadzibisa, ndipo pa masiku awiri musachiwerengere. Wofuna kadyansonga apite ku Majete. Aliyense wokulonjezani mkango motsimikiza akungofuna ndalama yanu.

Musamuumirize gaidi kuthamangira mkango n'kudutsa zina zonse. Pakiyi ili ndi mitundu ya mbalame yoposa 400, ndipo pali anthu omwe amawoloka nyanja kudzafuna kadzidzi wamkulu wodya nsomba yemwe amagona m'mitengo ya m'mphepete mwa Shire. Komanso kuima ndi kumvetsera ndi momwe nyama zosaka zimapezekera: nswala zikamafwenthera zonse zitayang'ana kumodzi, kapena anyani akamakuwa ali m'mitengo, gaidi amadziwa kuti pansi pali kanthu. Phokoso la m'galimoto limamubisira zizindikiro zimenezo. Foni ikhale yosalira, nyimbo zitsale kunyumba.

M'galimoto khalani pansi. Nyama zinazolowera galimoto ngati chinthu chimodzi chachikulu chosaopsa. Mukaimirira, kutulutsa mkono kapena kuombera m'manja kuti nyama itembenuke, mwaonetsa kuti m'katimo muli munthu. Musatsike gaidi asananene, ngakhale chipewa chitagwa. Mukafuna kutaya madzi nenani msanga, iye asankhe malo n'kuyang'ana kaye kuseri kwa chitsamba.

Njovu ikatambasula makutu, kugwedeza mutu, kuponya fumbi kapena kulira, ikuchenjeza kuti mwayandikira kwambiri. Khalani chete osasuntha, gaidi ndi amene adziwe ngati abwerere m'mbuyo kapena aime. Zoyenera kuzipatsa mpata waukulu ndi zazikazi zokhala ndi ana, ndi yamphongo yomwe ikutuluka madzi m'mbali mwa mutu pakati pa diso ndi khutu, kwinaku mkodzo ukudontha m'miyendo yakumbuyo. Imeneyo ili pa nyengo yake yaukali. Musapemphe gaidi kuti ayandikire chifukwa cha chithunzi, ndipo akakana musamutenge ngati wamantha.

Pa boti valani jekete yoyandamitsa, musaviike dzanja m'madzi, ndipo musakhamukire mbali imodzi nonse. M'Shire simusambidwa, ng'ona zake ndi zazikulu ndipo n'zambiri. Poyenda pansi mumayenda mondondozana kumbuyo kwa sikauti, mosalankhula. Mukaona kanthu lizani chala. Lamulo lalikulu ndi lakuti musathamange pokhapokha atakuuzani, chifukwa nyama yosaka imathamangitsa chothawa, ndipo palibe mwa izo yomwe mungaipose liwiro.

Pamsasa penipeni ndi pomwe anthu amatayirira. Malo ambiri alibe mpanda. Mvuu zimatuluka m'madzi usiku kudzadya udzu, ngakhale pakati pa matenti, ndipo ikadzidzimuka imathamangira kumadzi n'kuponda chilichonse chili panjira. Mdima ukagwa yendani ndi mlonda, tochi ili m'manja, ana ali pambali panu. Chakudya musasiye m'tenti kapena pakhonde, ndipo musaponyere anyani kapena apusi kalikonse. Nyani wozolowera kupatsidwa amayamba kulanda ndi kuluma, ndipo mapeto ake amaphedwa.

9. Tsiku lobwerera

Longedzani usiku kuti ulendo wa m'mawa usafupikitsidwe. Funsani bilu ya zakumwa mutangodya chakudya chamadzulo, muiyerekeze ndi pepala la mgwirizano lija, kuti kukangana kusadye nthawi ya boti lowolotsa. Tsimikizani ola lomwe muyenera kukhala mutatuluka pageti kuti asakuwerengereni tsiku lina.

Ndalama yothokozera si lamulo, koma ndi mwambo wa ntchitoyi, ndipo muiike m'bajeti kuyambira pachiyambi. Ya gaidi mumupatse m'manja pamapeto a ulendo wonse, ya sikauti mukangomaliza kuyenda pansi, ndipo ya ophika, oyeretsa ndi alonda muponye m'bokosi lomwe limakhala polandirira alendo. Mukasowa poyambira, funsani woyang'anira malo kuti ambiri amasiya zingati.

Musatole kanthu m'paki, kaya nyanga, fupa, nthenga kapena nkhuni, chifukwa ndi mlandu. Nyama yakutchire yogulitsidwa m'mbali mwa msewu musagule.

Mukafika kunyumba, aliyense amene wamva kutentha thupi, litsipa kapena kuphwanya m'thupi m'masabata otsatira akayezetse malungo tsiku lomwelo. Uzani adokotala kuti munali ku Liwonde, ndipo ngati munalumidwa ndi kashembe nenaninso zimenezo, makamaka ngati pomwe panalumidwapo patupa n'kuchita chilonda.